Madzi amchere mu damu, nsomba sizikunona

Anzanga oweta nsomba ndithandizeniko. Ndili ku Mambwe chakufupi ndi Mfuwe, damu limodzi mwa madamu anga ndimathira madzi a borehole chifukwa kamtsinje kathu kamaphwa ikafika Okutobala, koma madziwo ngamchere moti akatsika m'mbali mwa damu mumatsala zoyera ngati phulusa. Ma bream ndi amodzimodzi, fidi (chakudya cha nsomba) imodzimodzi, koma a ku borehole ndikang'amba pamimba mafuta mulibe, mnofu uli gwa, pomwe a damu linalo ngonona bwinobwino. Milamba ndiye siikula n'komwe. Ndimamva ati nsomba imatha mphamvu polimbana ndi mcherewo, nanga ndionjeze fidi kapena ndidikire mvula isungunule? Amayi ena a ku Kapata ku Chipata amene amaoda nsomba akuti ya mnofu wolimbayo ndiye ikoma, ine mutu waima apa.