Andipatsa Computer Studies koma ine ndi wa masamu, ndiyambire pati?

WaMasamu_Thondwe

Aphunzitsi anzanga muli bwanji nonse. Ine ndimaphunzitsa masamu pa CDSS ina kuno mbali ya ku Thondwe, ndiye teremu yathayi akufuna kwabwino anatipatsa makompyuta, pano a hedi akuti teremu ikubwerayi nditenge Computer Studies poti pa staff yonse ndine amene ndimataipa mayeso. Sindikukana ayi, ndikufuna ndithu chifukwa ana athuwa akuyenera kuphunzira zimenezi ngati anzawo a m'tauni. Koma kutaipa pa Word ndi kulowetsa magiredi mu Excel ndi nkhani ina, kuima kutsogolo kumaphunzitsa flowchart, pseudocode ndi database ndi nkhani inanso. Amene munadutsamo kale munakonzekera bwanji? Ndili ndi holide yokhayi basi.

Sir_Chinamwali

Achimwene musaope, wa masamu ndiye ali pabwino kale chifukwa phunziroli mutu wake weniweni ndi kuphwanya vuto m'masitepe, zomwe mumachita tsiku lililonse pa bolodi. Choyamba pezani silabasi ndi mapepala akale a MANEB, mwayi wake zonse zili konkuno ku Zomba, MIE yokonza masilabasi ili ku Domasi, MANEB ili m'tauni momuno. Mapepalawo muwalembe nokha ngati mwana wa fomu 4, la practical mukhale pa kompyuta ndi wotchi pambali. Pomwe mwakakamira mpomwe muyambire kuwerenga.

Chachiwiri, zambiri zimaphunzitsika magetsi atazima. Pali zomwe amati CS Unplugged, njira zophunzitsira za kompyuta popanda kompyuta, anayambitsa a Tim Bell ndi anzawo ku University of Canterbury ku New Zealand, ndi zaulere pa intaneti. Binary, kalembedwe ka manambala ndi 0 ndi 1 basi, ine ndimaphunzitsa chonchi: ndimadula katoni makadi asanu, ndikujambulapo madontho 16, 8, 4, 2 ndi 1. Ana asanu amaima kutsogolo aliyense ndi khadi lake, khadi likaonetsa madontho ndi 1, likatembenuzidwa ndi 0. Ndikati tipange 13 kalasi yonse imakuwa kuti wa 16 tembenuka, wa 8 khala, wa 4 khala, wa 2 tembenuka, wa 1 khala, ndiye pa bolodi timalemba 01101. Kenako timawerenga kuyambira 0 mpaka 31 ndipo pamapezeka mwana wina amene amaona yekha kuti wa khadi la 1 uja akutembenuka nambala iliyonse pomwe wa 16 wangoima phee mpaka tifike pa 16. Akafika pamenepo wamvetsa, simufunikanso kumulembera manotsi atalitali.

Mukatero ikani Scratch, pulogalamu yophunzirira kupanga mapulogalamu, ija ya ku yunivesite ya MIT ku America, ilipo yogwira popanda intaneti. Muzipanga nokha timapulogalamu tating'ono madzulo aliwonse, kowerengera avereji ya magiredi, konena ngati nambala ndi even kapena odd. Kakalakwika musakafufute, fufuzani pomwe kalakwikira, luso limenelo ndi lomwe ana adzakufunseni kwambiri m'kalasi.

Fundi_wa_makompyuta

Ine si mphunzitsi koma ndimakonza makompyuta m'masukulu angapo kuno, ndiye ndiyankhulepo mbali yanga. Malabu ambiri safa chifukwa cha ana, amafa ndi fumbi, magetsi obwera mwamphamvu akangoyaka, makoswe odya mawaya komanso mafulashi a vairasi. Mphunzitsi wa phunziroli adziwe kutsegula kompyuta n'kupukuta fumbi, kuchotsa RAM n'kuibwezeretsa bwinobwino, kuyesa chingwe cha monitor pa kompyuta ina asananene kuti yafa. Zimenezi munthu amaphunzira Loweruka limodzi. Auzeni a hedi agule ma surge protector, zida zoteteza makompyuta ku magetsi obwera mwamphamvu, asanagule makatani a mu labu chonde. Ndipo mapulogalamu onse muwasunge pa fulashi imodzi yanu yosabwereketsa, mukadawuniloda kamodzi m'tauni basi, osamadalira bandulo tsiku la kalasi.

Madam_Songani

Zonse anenazi ndi zoona koma ine ndisiyaneko pang'ono ndi Sir a ku Chinamwali. Makadi aja ndi abwino, nanenso ndimagwiritsa ntchito, koma ndaona aphunzitsi ena akuzolowera za pa bolodi zokhazokha mpaka labu kumangokhala yokhoma poopa kuti ana aononga, mwana kufika tsiku la practical dzanja likunjenjemera pa mouse, zimandiwawa kwambiri. Mphunzitsi amene iye mwini amaopa kompyuta amapatsira ana mantha omwewo. Ndiye inuyo achimwene holide ino muzikhala mu labumo tsiku lililonse, muyatse kompyuta iliyonse, mudziwe khalidwe lake.

Chinanso chomwe ndimachinena paliponse, wekishopu ya sabata imodzi siipanga mphunzitsi wa kompyuta. Munthu umapita, umamvera, umabwerako ndi satifiketi, koma Lolemba ukakumana ndi error uli wekhawekha. A masamu ndi sayansi mukudziwa za SMASSE, mmene aphunzitsi amakumanirana, wina kuphunzitsa anzake kumaonerera kenako n'kukambirana. Ifenso a kompyuta tikufunika zotero m'makalasita athu, magulu aja a masukulu oyandikana, ngakhale kamodzi pa mwezi, aliyense abwere ndi phunziro limene likumuvuta. Ndipo Zomba tili ndi mwayi womwe maboma ena alibe, Domasi College of Education ili pompano, UNIMA ili ndi dipatimenti ya kompyuta pa Chirunga pomwepa. Ana asukulu a kumeneko ambiri sakana ukawapempha mwaulemu kuti akufotokozere loop kapena database, kungoti iwo amadziwa kompyuta, kaphunzitsidwe ka mwana wa fomu 1 mumakadziwa ndinu.

Za m'kalasi, ana akakhala angapo pa kompyuta imodzi muonetsetse atsikana. Mukangowasiya anyamata amalanda kiyibodi, mtsikana ntchito yake n'kukhala yolemba manotsi pambali. Ine ndimaika awiriawiri kapena atatu, wina agwire kiyibodi wina azinena chochita, pakatha mphindi 10 ndimaomba m'manja asinthane, palibe kukambirana.

WaMasamu_Thondwe

Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhala pansi tsopano. Makatoni alipo ambiri ku stafu, makadi aja ndidula mawa lomwe, ndipo za surge protector ndikawauza a hedi Lolemba. Madam, za kukumana kamodzi pa mwezizo ine ndili momo, labu yathu ikhoza kulandira anthu Loweruka ngati a mbali ya ku Songani ndi Domasi mungakwanitse thiransipoti. Funso lina kwa Sir, kwa fomu 1 ndiyambe ndi kutaipa kaye teremu yonse kapena ndisakanize ndi Scratch kuyambira sabata yoyamba?