Thandizeni: tingadziwe bwanji ndalama zimene banja wamba limapeza kwathu kuno, chaka ndi chaka?

Abale a m'gulu lino, ndapempha nzeru. Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko m'mudzi wina kuno ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Tikulemba pempho la ulimi wothirira, ndiye pafomu pali funso loti banja wamba m'dera lathu limapeza zingati pachaka, nanga zasintha bwanji kuchokera mu 2015.

Tinayenda khomo ndi khomo, mabanja 41. Titaphatikiza ndalama zonse n'kugawa ndi 41, nambala imene inatuluka anthu anaikana pamsonkhano. Pali bambo mmodzi amene anagulitsa ng'ombe zingapo chaka chatha, ndi mabanja awiri amene ana awo ali pantchito kufakitale ya shuga ku Nchalo. Atatuwa anatikweza tonse papepala, chonsecho ambirife timadalira ganyu.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Ndinafika pakhomo pa agogo ena n'kuwafunsa kuti amapeza zingati pamwezi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandilozera mapira m'nkhokwe ndi mbuzi ziwiri zimene zinali pansi pa mtengo wa masawu. Anati, "Mwanawe, lemba zimenezo." Ndalama amaigwira akagulitsa thonje kapena chitowe basi. Ndilembe kuti sapeza kanthu? Ndikhala ndawanamizira. Nanga za 2015 ndani akuzikumbukira, poti ambiri mabuku awo a banki m'khonde anapita ndi madzi?

MAYANKHO

Mphunzitsi wa masamu, Nchalo:
Achimwene, avareji isiyeni. Sanjani mabanja 41 aja pamzere, kuyambira lopeza zochepa mpaka lopeza zambiri, ndiye mutenge la nambala 21. Mabanja 20 ali pansi pake, 20 ali pamwamba. Imeneyo ndiyo median. Bambo wa ng'ombe uja ngakhale atagulitsa khola lonse, banja lapakatilo silisuntha.

Amene anagwirapo ntchito ya kafukufuku:
Funso la "mumapeza zingati" limavuta kumudzi kulikonse. N'chifukwa chake a National Statistical Office ku Zomba, poyeza umphawi mu kafukufuku wa mabanja wotchedwa Integrated Household Survey (IHS), amadalira kwambiri zimene banja ladya ndi kugula. Amafunsa zimene mwadya masiku asanu ndi awiri apitawa, kaya n'zogula, zakumunda kapena zopatsidwa, ndipo zonsezo amaziika pa mtengo. Mwanjira imeneyi mapira a agogo aja awerengedwa, nsomba zimene mdzukulu wabwera nazo kudambo ziwerengedwanso.

Za zaka zam'mbuyo musakakamize anthu kukumbukira, akupatsani zongopeka. Onani malipoti a IHS3 ya 2010/11, IHS4 ya 2016/17 ndi IHS5 ya 2019/20. Ali pa intaneti, ndipo Chikwawa ndi Nsanje zili ndi mizere yakeyake. Koma dziwani kuti manambalawo ndi a boma lonse, si a mudzi wanu, choncho pafomupo mulembe mosabisa kuti mwawatenga kuti. Kumbukiraninso kuti IHS4 inachitika pambuyo pa madzi osefukira a 2015 ndi chilala cha 2016, pomwe IHS5 inayamba namondwe wa Idai atangodutsa mu 2019.

Mayi wa geni ya nsomba, Bangula:
Bambo, ine za masamu sindilowererapo, koma chenjerani ndi kwacha. Inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Papepala zioneka ngati tikupeza zambiri lero, koma ndalama imene kale ndinkabwera nayo ndi thumba la chimanga, lero siidzaza n'chidebe chomwe. Muzilemba kuti ndalama ya banja lapakatilo ikadagula matumba angati a makilogalamu 50 chaka chimenecho. Aliyense pamsonkhano amva.

China, mukapita ndi kope m'manja anthu amaganiza kuti mukulemba maina a Mtukula Pakhomo kapena a chimanga cha thandizo, ndiye mbuzi amazibisa. Afotokozereni kaye pamaso pa amfumu kuti kalemberayu si wa zimenezo. Ndipo mupite kawiri, mu Juni anthu atakolola ndi mu Januwale njala itafika pachimake. Kuno kuchigwa banja lomwelo limakhala losiyana miyezi iwiri imeneyi. Amene ali ndi dimba m'mbali mwa Shire muwafunsenso za mbatata ndi chimanga cha m'chilimwe, chifukwa ambiri saziwerengera.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse. Usiku uno ndasanja mapepala aja pamzere, ndipo la nambala 21 ndi banja la ganyu lokhala ndi dimba laling'ono, monga momwe tilili ambirife. Latsala funso limodzi. Mabanja asanu amene anali m'mudzi muno mu 2015 anasamukira kumtunda Freddy atawagwetsera nyumba mu 2023. Tiwalondole komweko kuti tiwawerenge, kapena tiwerenge okhawo amene atsala?