Ndili ndi mwana wosewera nambala iliyonse ngati Gullit, pa fomu ndilembe chiyani?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene munaonera mpira wa m'ma 80 ndi m'ma 90, ndabwera kudzapempha nzeru. Pepani, uthengawu utalikako.

Ndimaphunzitsa mpira anyamata osapitirira zaka 17 kuno ku Linthipe, m'boma la Dedza. Si timu ya ndalama ayi, majezi tinachita kusonkherana ndipo bwalo timabwereka la sukulu ana akaweruka. M'timuyi muli mnyamata wa zaka 15, ali Fomu 2, wamtali kuposa anzake onse, ndipo miyendo yonse iwiri imamenya. Tinamuyambitsira pa nambala 5, difenda wapakati, chifukwa cha msinkhuwo. Tsiku lina nambala 6 wathu, wapakati woima kutsogolo kwa madifenda, atadwala malungo tinamukweza pakati, ndipo timu yonse inasintha. Mpira unayamba kuyenda pansi, anzake anasiya kumangobutsira kutsogolo. Tikakhala kuti tatsalira ndi chigoli nthawi ikutha, timamutumiza pa 9, kutsogolo kukagoletsa, ndipo mpira wa m'mwamba palibe amene amamulanda.

Mwezi wamawa kukubwera anthu odzasankha achisodzera a m'boma muno, ndipo pa fomu pali mpata wolemba nambala imodzi basi. Mnzanga amene timathandizana naye akuti tilembe 9, poti osankhawo amabwera tsiku limodzi ndipo amapita akukumbukira amene wagoletsa. Ine mtima ukukana kumumangirira pamalo amodzi, ndipo amene akundichititsa zimenezi ndi Ruud Gullit, katswiri wakale wa mpira wa ku Holland.

Achinyamata ena pano dzinali mumangoliona m'magemu a pa foni. Ife tinkamuona pa kaseti. Nthawi imeneyo TVM kunalibe, inadzayamba mu 1999, ndiye mpira wa kunja tinkauonera pa vidiyo sho ku Dedza boma, masewero oti anachitika kalekale, kaseti yotha ndithu mpaka chithunzi kumanjenjemera. Koma munthu wa tsitsi lopota uja sumamusowa ayi. Fainolo ya Euro 1988 ku Munich, Holland ikumenya Soviet Union 2-0, iye ndiye anali kaputeni ndipo chigoli choyamba anachimenya ndi mutu. Anthu amakonda kunena za chachiwiri cha Van Basten, ine changa ndi cha mutucho, mmene khosi linakhutulira mphamvu zonse pa mpira, tsitsi lonse n'kutsatira pambuyo. Chaka chotsatira ku Barcelona, mu fainolo ya European Cup, timu yake ya AC Milan inathira Steaua Bucharest 4-0, iye ziwiri, Van Basten ziwiri, chikhalirecho anali atangochitidwa opaleshoni ya bondo masabata ochepa m'mbuyomo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndinadzachidziwa pambuyo pake: munthu amene tinkamudziwa ngati wogoletsayu anayambira kumbuyo. Ku Haarlem, kumene analowa timu yaikulu ali ndi zaka 16, ankatha kusewera ngati siwipa, difenda womaliza kumbuyo kwa anzake. Ku Feyenoord anakwera pakati ndi kuwinga, ndipo mu 1984 anatenga ligi ndi chikho ali limodzi ndi Johan Cruyff. Ku PSV anamwetsa zigoli 46 m'masewero 68 a ligi. Atapita ku Chelsea mu 1995 kochi Glenn Hoddle anamubwezeranso pa siwipa, kenako n'kumukwezanso pakati. Ndimakhulupirira kuti ankadziwa pobisalira difenda chifukwa iye mwini anakhalapo difenda. Ndipo mnyamata wanga uyu ndikumuona zomwezo, akakhala pa 9 amadziwa kumene nambala 5 sakonda kuti umuthawire.

Komabe ndili ndi mantha. Gullit anakulira ku Amsterdam, kumene mwana waluso amaonedwa sabata ndi sabata. Wa ku Linthipe mwayi wake ndi wa tsiku limodzi. Ndiye ndikufunsa: pa fomupo ndilembe 5, 6 kapena 9? Nanga kumusinthasintha kumene ndikuchitaku kukumumanga kapena kukumuononga? Amene munasewerapo kapena kuphunzitsapo ana, ndithandizeni.

Ndemanga

Wa ku Lizulu: A kochi, mwandikumbutsa kutali. Mu 1990 kuno kumalire kunali kodzaza ndi abale athu othawa nkhondo ku Mozambique, ndipo ambiri mwa iwo anali a Benfica chifukwa cha Eusebio, mwana wa kwawo. Fainolo ya European Cup ya ku Vienna, Benfica ndi Milan, tinaimvera pa wailesi ya bambo wina wa ku Villa Ulongwe, yonse m'Chipwitikizi, iye n'kumatimasulira. Milan inapambana 1-0, wogoletsa Rijkaard. Bamboyo anazimitsa wailesi osatsanzika munthu. Tsono taonani Rijkaard yemweyo: ku Euro 88 anali kumbuyo pambali pa Koeman, ku Milan anali pakati. Anthu a ku Holland aja zinali m'maphunziro awo. Ine ndikuti musamumange mwanayo.

Wa ku Chimbiya: 9 basi. Ndani analipirapo pageti kuti akaone nambala 6?

Kochi wopuma, Ntcheu boma: Achimwene, ndaphunzitsapo ana kwa nthawi yaitali ndipo ndikuuzani mosabisa. Zigoli za mutu zimene akumwetsa panopa zisakunamizeni. Pa zaka 15 mwana wamtali amagoletsa chifukwa anzake sanakule. Pofika zaka 18 ofupika aja amupeza, ena amupitirira, ndipo ngati chimene ankadalira ndi msinkhu wokha, mpira wake wathera pomwepo. Ndawaona ambiri otere, ankatchuka dera lonse ali ku pulayimale, lero ngakhale timu ya m'mudzi sayamba. Pa 5 vuto ndi lomwelo, azingochotsa mipira ndi mutu osaphunzira kanthu.

Pa 6 palibe pobisala. Mpira umakupeza msana uli ku golo la adani, munthu ali pakhosi, uyenera kuyang'ana usanaulandire, kuupha kamodzi, kutembenuka, kupereka. Mwana amene wazolowera zimenezo mukamubweza pa 5 amaona ngati tchuthi chifukwa bwalo lonse lili kumaso kwake. Mukamukweza pa 9 amadziwa pasi imene wapakati akufuna kuponya. Koma wokulira pa 9 kapena pa 5 mukamuika pakati ali wamkulu amasochera. Lothar Matthäus wa ku Germany anayenda njira imeneyo: pakati zaka zonse za mphamvu zake, kumaka Maradona mu fainolo ya 1986, kunyamula World Cup mu 1990, ndipo miyendo itayamba kulemera ku Bayern anatsikira pa siwipa n'kuseweranso World Cup yachisanu mu 1998. Lembani 6.

Za osankhawo musade nkhawa kwambiri. Ngati ndi anthu a mpira, ma fomu olembedwa 9 awapeza mulu, olembedwa 6 amene akuthadi kusewera 6 awawerenga ndi zala.

Wolemba funso: Wawa akuluakulu, apa mwandigwira. Za msinkhuzo ndimaziona tikakumana ndi matimu a anyamata okulirapo, mipira ya m'mwamba imachepa ndithu. Koma nanga kumusuntha masewero ali mkati ndisiye?

Kochi wopuma, Ntcheu boma: Musasiye, koma muzimusuntha chifukwa cha iyeyo, osati chifukwa timu yapanikizika. Pali kusiyana. Mukamamuthamangitsira pa 9 nthawi zonse pamene mwatsalira, mukumuphunzitsa kuti iye ndi wotseka mabowo. Sankhani masewero ena opima mphamvu, mumuuze kusanache kuti lero ukhala pa 5 mpaka kumapeto ndipo ndikufuna uphunzire chakuti. Kwawo kukhale pa 6, kwinako azipitako ngati wophunzira.

Wa ku Golomoti: Ine ndili ndi dandaulo ndi inu nonse. Mpaka ku Holland ndi ku Germany, kwathu kuno kunalibe anthu? Flames inatenga chikho cha East and Central mu 1978 ndi 1979, inapita ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast mu 1984, inabwera ndi mendulo ya bronze kuchokera ku All-Africa Games ku Nairobi mu 1987. Ndipo anthu amenewo timawakumbukira ndi malo awo. Ukati Kinnah Phiri aliyense akudziwa kuti ukunena zigoli, 71 za timu ya dziko. Ukati malemu Jack Chamangwana ukunena kumbuyo. Young Chimodzi masewero 159 atavala jezi ya dziko. Ernest Mtawali pakati, mpaka kukasewera ku France ndi ku Argentina. Mwana azikhala ndi malo amene anthu akamutchula aziwaona m'maso. Gullit anali mmodzi, enawa osewera paliponse amathera pa benchi kudikira kuti wina avulale.

Wa ku Lizulu: Madala a ku Golomoti, nanga Lucas Radebe wa ku South Africa? Anayamba ngati goloboyi, kenako anasewera pakati, ku Leeds anakhala kaputeni ali kumbuyo. Mu 1996 pa Old Trafford goloboyi wa Leeds atapatsidwa kadi yofiira, Radebe anavala magulovu ndipo Manchester United inamudutsa kamodzi kokha, Roy Keane. Ameneyo anathera pa benchi?

Wa ku Golomoti: Anathera pa nambala 5, ndipo ndi pomwe tikumukumbukira. Mwandithandiza kunena mfundo yanga.

Mayi mphunzitsi, Bembeke: Abambo inu mwafika mpaka ku Leeds koma palibe amene wafunsa kuti mwanayo akufuna chiyani. A kochi, munamufunsa? Chachiwiri, mwati ali Fomu 2, ndiye kuti chaka chino akulemba JCE. Makolo ake akudziwa za kusankhaku? Ine ndili ndi ana m'kalasi amene Lolemba amabwera akutsimphina chifukwa Loweruka anasewerera timu yawo, Lamulungu matimu a akuluakulu anawabwereka ku bonanza n'kuwapatsa kangachepe. Mwana wotha kusewera paliponse ndiye amabwerekedwa kwambiri, poti timu iliyonse ili ndi pamene pakuperewera. Gullit wanuyo bondo linamuvuta pafupifupi sizoni yonse ya 1989 mpaka 1990 ali ndi madokotala a ku Milan. Wa ku Linthipe likamuvuta amuona ndani?

Wolemba funso: Zikomo mayi. Za kubwerekedwazo mwalasa, matimu a akuluakulu a kuno akhala akumufuna ndipo nthawi ya kukolola mbatatesi mabonanza amachuluka. Mayi ake ndinakambirana nawo, anati mpira asewere koma sukulu isagwe. Mwanayo ndikamufunsa amati paliponse pamene mwandiika a kochi. Ndi mwana waulemu kwambiri, sanena zakukhosi.

Mayi mphunzitsi, Bembeke: Ndiye musamufunse inuyo pamaso pa anzake, ayankha chimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Muoneni pamene akusewera mpira wachikulunga ndi ana a m'mudzi inu palibe, kapena funsani mnzake wapamtima. Pamene amakaima yekha popanda womuuza ndi pamene mtima wake uli.

Wa ku Area 25, kwathu ku Mayani: Chinthu china chimene simunachitchule. Mwana wamtali chonchi pa zaka 15 anthu akanena kuti mwamuchepetsera zaka, zimenezi m'mipikisano ya achisodzera sizisowa. Konzeranitu mapepala: chiphaso cha kubadwa ngati chilipo, buku lake la kusikelo ngati mayi ake analisunga, ndi kalata ya ahedi yosonyeza chaka chimene analemba mayeso a Sitandade 8. Osayembekeza kuti akakufunseni pa bwalo. Ndipo ngati pali wina wa foni yabwino, azimujambula masewero athunthu, osati zigoli zokha. Panopa Dedza ili ndi timu imene inalowa mu Super League mu 2022, Dynamos, ndiye maso a anthu a mpira akufikako kwathuko kusiyana ndi kale.

Wa ku Tsangano: Ine za nambala ndilibe nazo mawu, ndangobwerera Gullit. Chimene sindidzaiwala ndi choti atapatsidwa Ballon d'Or, mphotho ya wosewera wopambana wa chaka, mu 1987 anati ulemu wake upite kwa Nelson Mandela, munthu ali m'ndende. Kuno masiku amenewo nkhani zotero sitinkazinena mokweza, tinkanong'onezana. Malume anga ochokera ku Joni ndi amene anatiuza, atatseka chitseko. Mu 1997 anatenganso FA Cup ndi Chelsea ali kochi, ndipo ena mwa ife Chelsea tinayamba kuikonda nthawi imeneyo, ndalama za Abramovich zisanabwere.

Wa ku Chimbiya: Ndikubwerezanso, 9. Mudzandikumbuka.

Wolemba funso: Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse ndipo ndamuonetsa mnzanga uja. Sanagonje kwenikweni koma wavomera kuti tilembe 6, pokhapokha mwanayo ataonetsa kuti mtima wake uli kwina, ndipo zimenezo ndifufuza mwa njira imene mayi a ku Bembeke anena. Masewero atsala kusankha kusanachitike akhala pa 6 kuyambira poyamba mpaka pomaliza ngakhale titatsalira. Za mabonanza ndikakhala pansi ndi mayi ake ndi amalume ake, chifukwa ine ndekha sindingawaletse akuluakulu a matimu aja. Mapepala ndiyamba kulondola Lolemba kwa ahedi.

A kochi a ku Ntcheu, ndikupempheninso chimodzi. Tili ndi mipira iwiri yokha yabwino, makoni tilibe timagwiritsa njerwa. Ndi masewera ati a pa tireningi amene angamuzoloweretse kuyang'ana kumbuyo asanalandire mpira?

Kochi wopuma, Ntcheu boma: Mipira iwiri yakwana. Ikani anyamata anayi m'makona a bokosi la mapazi 15 mbali iliyonse, iye pakati ndi womumaka mmodzi. Wa kumbuyo kwake azikweza zala, ziwiri kapena zitatu, mpira usanachoke kwa woponya, ndipo iye atchule nambalayo mokuwa asanaugwire. Akalephera kutchula, mpira ndi wa womumaka. Yambani ndi kugunda katatu, akazolowera kawiri. Muzichita tsiku lililonse la tireningi kwa mphindi 10, ndipo nambala 8 wanu alowenso momwemo.