Chopondera moto chikuchedwa kubwerera ndikachotsa phazi

Bambo a Tadala, Turffontein

Abale anga, ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za magalimoto. Ndili ndi galimoto ya chaka cha 1999, ya injini ya 1.6, imene ndimapitira kuntchito ku Kempton Park, ndipo kwa masabata awiri tsopano chopondera moto chakhala chikuchedwa kubwerera ndikachotsa phazi. Poyamba zinkachitika m'mawa mokha kukamazizira, koma Lachinayi lapitali ndili pa msewu waukulu wa M2 ku Johannesburg, nditaponda kilatchi kuti ndisinthe giya, injini inalira kwambiri mpaka singano yoonetsa kuzungulira kwa injini inapitirira 4000, ndipo inatsika pokhapokha nditakokera choponderacho m'mwamba ndi nsonga ya nsapato. Pa galaja ina anandiuza kuti ndigule throttle body yatsopano (chipangizo cholowetsa mpweya mu injini), koma sanamasule chilichonse, anangomvetsera injini ikulira. Mu Disembala ndikufuna kupita ndi banja kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, choncho mtima wanga suli m'malo. Kodi ndiyambire pati kufufuza?

A Mbewe, makaniko, Jeppestown

Achimwene, chonde musayendetsenso galimotoyo pa msewu waukulu mpaka vutoli litapezeka, ndipo musagule kanthu musanayese zimene ndikuuzeni pano, chifukwa kuyesako sikufuna ndalama.

Galimoto za zaka zimenezo zimakhala ndi chingwe chachitsulo chochokera pa chopondera moto kukafika pa throttle body, pamene pali kachitseko kozungulira kolowetsa mpweya mu injini, ndipo sipulingi ndiyo imatseka kachitsekoko mukachotsa phazi. Ngati moto ukukakamira, ndiye kuti chingwe chikugwira, kapena kachitseko kakugwira, kapena sipulingi yatha mphamvu. Njira yodziwira ndiyo kuzilekanitsa. Zimitsani injini, tsegulani boneti, ndipo muchotse mutu wa chingwe pa kagudumu kamene chimakoka. Kenaka tembenuzani kagudumuko ndi dzanja mpaka kumapeto, n'kukasiya. Kayenera kubwerera kokha msangamsanga mpaka kumveka kugunda. Kakabwerera mozengereza, kapena kakamamatira poyambira penipeni, chotsani paipi yaikulu yochokera ku sefa ya mpweya ndipo muone m'kati, pakuti nthawi zambiri mumakhala mwaye wakuda womata, wopangidwa ndi nthunzi ya oilo yochokera mu injini itasakanikirana ndi fumbi. Kuno fumbi n'lambiri, makamaka mu Ogasiti pamene mphepo imaulutsa dothi la m'milu ya migodi, ndipo sefa ikang'ambika kapena paipi ikachita mng'alu, lonselo limakathera pa kachitsekoko. Mwayewo umachoka ndi mankhwala opopera otsukira throttle body, kansalu koyera ndi mswachi wakale. Kasikuluwu kamene kamaimitsa kachitseko musakagwire, chifukwa kanatcheredwa kufakitale ndipo mukakasuntha injini imayamba kulira mosakhazikika.

Ngati kagudumu kakubwerera bwino, pemphani munthu aponde chopondera inu mutagwira mutu wa chingwe, ndipo muchikoke kuti chibwerere. Chingwe chabwino chimayenda mosalala. Mukamva kukhakhala, ndiye kuti tiwaya tina taduka m'kati mwa chikuto chake ndipo tikukola. Chingwe chotere musachithire oilo n'kumati mwakonza, chifukwa chimapepuka masiku ochepa kenaka n'kudzakolanso pa liwiro. Chisintheni basi. Poika chatsopano muonetsetse kuti sichinapindike mwamphamvu paliponse, ndiponso kuti chili ndi mpata wa mamilimita ochepa chisanayambe kukoka.

Zimene mwanena zoti munachikoka ndi nsapato n'kutsika zikundipangitsa kukayikira chingwe kuposa throttle body, koma yesani zonse ziwiri.

Mayi Nachisale, Rosettenville

Bambo a Tadala, ine si makaniko, koma ndayendetsa galimoto zaka zambiri ndipo ndikufuna kuwonjezera ziwiri pa zimene a Mbewe afotokoza. Musanatsegule n'komwe boneti, gwadani muyang'ane pansi pamene pamakhala mapazi anu. Ambirife timagula kapeti yarabala n'kuiyala pamwamba pa ina, ndipo ikasendera kutsogolo imatha kupana chopondera moto. Nkhani imeneyi si yaing'ono ayi: mu 2009 kampani ya Toyota inaitanitsa magalimoto mamiliyoni ku America chifukwa cha makapeti opana chopondera, ndipo kumayambiriro kwa 2010 inaitanitsanso ena chifukwa cha zopondera zimene zinkachedwa kubwerera. Chotsani kapetiyo, muone ngati pali botolo kapena chinthu china chimene chagubudukira pamenepo, ndipo muyendetse choponderacho ndi dzanja.

Chachiwiri n'chimene ndikufuna kuti aliyense wowerenga pano achisunge pamtima, makamaka inu amene mudzanyamula ana ulendo wautali. Moto ukakakamira muli pa liwiro, pondani kilatchi ndi kuika giya pa neutral, ndipo ngati galimoto ndi ya otomatiki kankhirani giya pa N. Injini idzalira mochititsa mantha, koma matayala adzakhala atamasuka ku mphamvu yake. Pondani mabuleki mwamphamvu mosalekeza, osati mopondaponda, chifukwa kachitseko ka mpweya kakakhala kotsegula injini siiperekanso mphamvu yokoka imene imapepuza mabuleki, ndipo mukaponda kangapo amauma. Yatsani mahazadi, patukirani kumanzere, ndipo muzimitse injini mutaima. Ngati mwakakamizika kuzimitsa mukuyenda, tembenuzani kiyi kamodzi kokha ndipo musamuzule, kuopa kuti chiwongolero chingadzikhome. Kuwerama kuti mukoke chopondera ndi dzanja pakati pa mathiraki a pa M2 n'kuika moyo pachiswe.

A Gondwe, Tembisa

Ndikugwirizana ndi onse awiri. Kwa amene muli ndi galimoto za kabuleta, monga Tazz ya 1.3 kapena Nissan 1400, muyang'anenso choko ndi timikono ta pa kabuleta, pakuti tikauma ndi dothi injini imalira kwambiri ngakhale chingwe chili bwino. Koma amene muli ndi galimoto zatsopano zopanda chingwe, zimene kachitseko kake kamayendetsedwa ndi mota ndi kompyuta, musalowetse chala m'menemo kiyi ali woyatsa, ndipo mukatsuka zina zimafuna kuti makina aziphunzitsenso poimira kachitsekoko.

Bambo a Tadala, Turffontein

Zikomo kwambiri nonse. Loweruka ndinachita monga munanenera, mlamu wanga akundipondera. Kapeti inali pamalo pake. Kagudumu kanabwerera bwino, ngakhale m'kati munali mwaye ndithu, ndipo ndatsuka. Chingwe ndicho chinali kukhakhala, ndipo titachisolola tinapeza tiwaya titatu toduka pafupi ndi pamene chimalowera kuchokera kwa dalaivala. Chimene chandidabwitsa n'chakuti pulasitiki ya m'kati mwa chikuto inali yosungunuka, pomwe chingwecho sichidutsa pafupi ndi ekizozi. Ndaika chatsopano ndipo chopondera chikubwerera msanga.

A Mbewe, makaniko, Jeppestown

Achimwene, kusungunukako musakunyalanyaze. Yang'anani waya wokhuthala wa earth (wobwezera magetsi ku batire) wochokera pa injini kupita ku thupi la galimoto, ndi wina wochokera ku batire. Waya ameneyu akaduka kapena akachita dzimbiri pa bawuti, magetsi ambiri a sitata amafuna njira ina yobwerera ndipo amadutsa m'chingwe cha moto n'kuchitenthetsa, moti chatsopanochi chingapsenso musanafike n'komwe ku Musina. Masulani mabawuti ake, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, ndipo ngati wayayo wadyeka mugule wina. Mukatero, pemphani mlamu wanu alize injini kangapo m'mawa inu mutagwira chikuto cha chingwe, ndipo chikafunda mudzatiuze.