Thandizeni: cold brew wanga akutuluka wowawa komanso wovunduka

Wofunsa: Moni nonse apagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene mumapanga khofi wonyika m'madzi ozizira, uja amati cold brew. Ndimathira khofi wogaya kale m'botolo lagalasi, kudzaza madzi, kutseka n'kumusiya agone. Ndikasefa ndi kasefa ka tiyi akutuluka wovunduka, pansi pa kapu pakutsala nsenga zakuda bii, ndipo akuwawa mpaka kukhosi. Amene ndinamwapo kwa mnzanga anali wofewa pakamwa, wosafunanso shuga. Chikuvuta n'chiyani, khofiyo, nthawi, kapena kasefedwe? Nanga angasungike masiku angati?

Yankho 1: Achemwali, yambani ndi kagayidwe. Khofi wogulitsidwa atagayagaya nthawi zambiri amakhala wosalala, chifukwa anamukonzera madzi otentha amene amangodutsa kwa mphindi zochepa. Mukamunyika maola ambiri, tifumbi take timatulutsa kuwawa konse, komanso timapyola m'mabowo a kasefa ka tiyi. Pezani njere, muzigaye mokhakhala ngati mchere wamiyala. Posefa, yambani ndi kasefa kanuko, kenaka bwerezani pa nsalu yoyera kapena pepala losefera khofi. Chonde musafinye nsaluyo! Isiyeni idonthe yokha, ngakhale ichedwe. Kufinya n'kumene kumakankhira nsenga zija m'kapu.

Yankho 2: Kodi mumayeza? Ine ndimaika magalamu 125 pa lita imodzi ya madzi, ndiye kuti gawo limodzi la khofi pa magawo 8 a madzi. Ameneyu amatuluka wamphamvu, si womwa chomwecho. Pomwa muzisakaniza theka ndi theka ndi madzi kapena mkaka. Mwinatu kuwawako n'kwakuti mukumwa wosasungunula, ndipo wotere kafeini wake (chija cha m'khofi chothawitsa tulo) ndi wambiri, mtima ungathamange.

Yankho 3: Nthawi yake ndi pakati pa maola 12 ndi 24. Panja pa firiji maola 12 mpaka 16 akwanira, koma m'firiji kuzizira kumachedwetsa, ndiye mumusiye 18 kapena kupitirirapo. Ine ndimakonda wa m'firiji, makamaka kukamatentha, mtima umakhala m'malo kuti sawonongeka. Nthawi ikakwana sefani basi, musamusiye ndi nsenga zake. Wosefa kale, m'botolo lotsukidwa bwino ndi lotseka, mumumalize pasanathe sabata.

Yankho 4: Muvundule koyamba kuti khofi yense anyowe, wina amangoyandama pamwamba ali wouma.

Wofunsa: Zikomo kwambiri abale anga, sikelo ndili nayo. Funso lina: chogayira ndilibe. Wosungunuka uja wa m'chitini angatheke?

Yankho 1: Ayi achemwali, ameneyo anafulidwa kale kufakitale n'kuumitsidwa, mulibenso choti madzi atulutse pang'onopang'ono. Pamene mukusaka chogayira, gwiritsani ntchito wogaya kale yemwe muli nayeyo, koma nyikani maola 12 okha ndipo sefani kawiri papepala.