Ndinapuma usilikali ku Malawi, pa CV ndidzitchule kuti ndine ndani kuno ku Harare?

Sajeni Wopuma, Mufakose

Moni nonse a pagulu pano. Uthengawu utalika pang'ono, mundipirire, paja safunsa anadya phula.

Ndinabadwira kuno ku Harare, bambo anga anali a ku Dedza ndipo ankagwira ntchito kufakitale ku Southerton. Ndili ndi zaka 15 ananditumiza kumudzi, sukulu ndinamalizira komweko, kenako ndinalowa usilikali. Maphunziro ndinachitira ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, zaka zambiri ndinakhala ku Kamuzu Barracks, pang'ono ku Cobbe ku Zomba. Ndagwira zaka 22, ndapuma ndili Staff Sergeant. Ntchito yanga inali ya kusitolo: mayunifolomu, nsapato, matenti, chakudya, dizilo, zonse zinkadutsa m'buku langa. Ndinakakhalakonso chaka chimodzi ku DRC pansi pa MONUSCO, gulu la United Nations losungitsa mtendere kumeneko. Pano ndabwerera, banja lili kuno, ndipo mapepala okhalira ndi ogwirira ntchito ali bwino, pamenepo musavutikepo.

Vuto ndi mawu. Mwana wanga anandikonzera CV potengera ina ya pa intaneti, pamwamba analemba "Veteran". Ndinapita nayo kukampani ina ku Msasa. Mayi amene ankandifunsa anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa kuti "nkhondo yake iti, poti mukuoneka wachichepere?" Kenako anayamba kunditchula kuti comrade, kuseka kwake kosafika m'maso. Sanandiimbirenso. Ndinafufuta, n'kulemba "Ex-soldier". Kwina ku Workington atangoona mawuwo anati kuli malo a ulonda pageti, shifiti ya usiku. Sindikunyoza alonda ayi, koma ine ndinafunsira za kusitolo. Ulendo wachitatu ndinalemba monga zilili m'mapepala anga, CQMS (udindo wanga wosunga katundu wa asilikali) ndi zina zotero, mnyamata wa kumene ndinakafunsirako anandifunsa ngati CQMS ndi pulogalamu ya pakompyuta.

Ndiye abale, munthu ngati ine amadzitchula bwanji? Renki ndilembe kapena ndisiye? Komanso satifiketi yanga ili ndi mawu oti "discharge", ndipo mlamu wanga akuti mawu amenewo akumveka ngati anandichotsa ntchito. Zoona?

Mzukulu wa Akeyala

Bambo, mawu oyambawo ndi amene anakuphani. Kuno "veteran" ali ndi eni ake.

Agogo a ku Highfield

Mwana wanga, iwe unachoka uli wamng'ono, ndiye tamvera. Kuno munthu akati war vet satanthauza msilikali aliyense wopuma. Amatanthauza amene anamenya nkhondo yomenyera ufulu isanafike 1980, a ZANLA ndi a ZIPRA. Mu 1997, nthawi ya Chenjerai Hunzvi, anthu amenewa anakakamiza boma mpaka linawapatsa madola 50,000 aliyense, ndi 2,000 mwezi uliwonse, ndalama za nthawi imeneyo. Pa 14 November chaka chomwecho dola ya kuno inagwa tsiku limodzi, ife tinaona ndi maso. Mu 2000 dzina lomwelo linamvekanso pa nkhani ya mafamu, ndipo abale athu ambiri ochokera ku Malawi amene ankagwira ntchito m'mafamumo anasowa pokhala. Pali ngakhale lamulo lake la 2020 lofotokoza amene akuwerengedwa, kuphatikizapo a mujibha ndi a chimbwido, anyamata ndi atsikana amene ankathandiza omenya nkhondowo. Ndiye mawu amenewo ena amawalemekeza, ena amawaopa, koma palibe amene amawamva ngati "ndinkasunga sitolo ku Lilongwe". Mayi ujayo sanalakwe kudabwa. Wa zaka za m'ma 40 angakhale bwanji atamenya nkhondo imene inatha mu 1979?

Adimini 2

Agogo zikomo chifukwa cha mbiri. Otsatira, ndale ayi chonde. Funso ndi la CV.

aNachisale, Graniteside

Achimwene, ine ntchito yanga ndi yolemba anthu ntchito pakampani ina yonyamula katundu, ndiye ndikuuzani mmene timawerengera. CV imodzi sitikhala nayo nthawi, timathamangitsa maso pamzere woyamba, tikaona kuti sukugwirizana ndi malo amene talengeza, timaika pambali. Inu mzere woyamba mukuuwononga ndi kutiuza kumene munachokera, pamene ife tikufuna kudziwa chimene mumatha.

Pamwamba lembani dzina la ntchito monga lalembedwera m'chilengezo. Akati Stores Controller, inu ndinu ameneyo. Akati Warehouse Supervisor, ndinu ameneyonso, ndipo si bodza, chifukwa CQMS ndi munthu wosunga katundu wa kampani yonse ya asilikali. Koma chenjerani ndi mawu oti "company". Ku usilikali ndi gulu la anthu pafupifupi 100, ife tikawerenga timaganiza bizinesi. Lembani nambala ya anthu basi: ndinkayang'anira katundu ndi chakudya cha anthu mwakuti, pansi panga panali anthu mwakuti, tinkawerenga sitoko kangati pachaka, ofufuza mabuku akabwera ankapeza zotani. Section ndi anthu osapitirira 10, platoon ndi pafupifupi 30, koma ife sitidziwa, ndiye mutiuze ndi manambala. Za dizilo musazidutse mofulumira. Kuno mafuta amabedwa kwambiri m'makampani a malole, munthu amene wasunga buku la dizilo zaka zambiri popanda mlandu timamufuna.

Dzina la Malawi Defence Force likhale pamalo a olemba ntchito, pamodzi ndi zaka, monga mmene wina angalembere kampani ya shuga. Renki ikhale kamodzi, pamzere womwewo. Ya ku DRC lembani kuti United Nations, musangoti MONUSCO, ndipo nenani kuti munkalandira ndi kugawa katundu pamodzi ndi anthu a mayiko ena. Mabungwe othandiza anthu amakonda zimenezo.

Kabwerebwere wa ku Epworth

Inu a Sajeni tengani ya pagetiyo, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Harare ya lero ma graduate akugulitsa ma airtime pa Copacabana, inu mukusankha? Kikiki.

Mayi a Tadala

A Kabwerebwere, munthu akayamba pageti amafera pageti. Amuna anga anayamba choncho "mongoyembekezera", pano ndi chaka cha 9.

Mnyasa wa ku Catterick

Achimwene, ine ndinatumikira ku British Army, pano ndimabwera ku Harare pafupipafupi chifukwa akazi anga ndi a ku Dzivarasekwa. CV imene mwana wanu anakopera ndi ya ku America, ndikutsimikiza. Kumeneko aliyense amene anavalapo yunifolomu n'kutuluka bwino ndi veteran, ndipo mawuwo amatsegula zitseko, pofunsira ntchito za boma amawonjezeredwa mapointi. Ali ndi pepala lawo lotchedwa DD214, ntchito iliyonse ya ku Army ili ndi nambala yake imene amati MOS, ndipo pa intaneti padzaza malangizo osinthira nambalazo kukhala mayina a ntchito za anthu wamba. Zonsezo ndi zawo. Ku UK munthu amene akutuluka timamutcha service leaver, nthawi yokonzekera kutuluka timati resettlement. Mawu amenewo kuno musawagwiritsenso, palibe angawamve.

Za "discharge" mlamu wanu walakwa, koma kulakwa kwake kukuphunzitseni kanthu, chifukwa wa HR akhoza kuganiza chimodzimodzi. Ku usilikali discharge ndi kutuluka kulikonse kwa msilikali amene si ofisala: womaliza zaka zake, wodwala, wopempha yekha, ngakhale wolakwa. Chimene chimasiyanitsa ndi chifukwa chimene chalembedwapo, ndi mzere wa khalidwe. Kwathu mawu apamwamba pamzere umenewo ndi "exemplary". Yang'anani pa yanu. Ngati pali mawu abwino, atengeni muwaike pa CV, satifiketiyo muzipita nayo ku intavyu. Pa CV penipenipo lembani "retired after 22 years", nkhani yatha.

Mayi a Tadala

Ngakhale m'Chichewa mwathu mawuwa sali amodzi. Wopuma, wosiya, wochotsedwa, wothawa. Kumaliro ku Mbare ndinamva munthu akunenedwa kuti "anasiya usilikali", mkazi wake anaimirira pakati pa anthu kukonza kuti "anapuma, penshoni ikubwera". Anthu anaseka koma mayiyo ankadziwa chimene akuteteza. Ukati wasiya, anthu amayamba kufunsana kuti chinachitika n'chiyani.

Mzukulu wa Akeyala

Ine pang'ono ndikutsutsana ndi aNachisale. Mukumuuza munthu abise usilikali ngati ndi matenda. Agogo anga anali a KAR (King's African Rifles, asilikali a nthawi ya atsamunda), anakafika ku Burma, ndipo mpaka kumwalira ankadzitchula msilikali. Ku Zomba kuli chipilala cha anthu amenewo. Zaka 22 munthu n'kumadzitcha Stores Controller ngati wakhala akuwerenga mabotolo a Mazoe moyo wake wonse? Ku DRC anyamata athu anafera kumeneko.

aNachisale, Graniteside

Sindinati abise, bambo. Ndati aike pamalo pake. Dzina la MDF lilipo, renki ilipo, United Nations ilipo. Koma CV si chipilala. Ndi kalata yopempha kuti akuitane ukalankhule. Akakuitana, ulemu wako wonse umalowa nawe pakhomo, amauona pa nsapato ndi pa nthawi imene wafika.

Ndipo poti mwandiputa, ndinene china. Asilikali opuma amene ndawafunsapo vuto lawo lalikulu si pepala, ndi pakamwa. Ukawafunsa kuti munachitapo chiyani chimene mumanyadira, amati "tinkagwira monga gulu, madam". Chilichonse "tinachita", "tinalamulidwa". Ndikudziwa kuti anakuphunzitsani choncho, kudzitama n'kosayenera, koma ine sindikulemba ntchito gulu. A Sajeni, konzani nkhani ziwiri kapena zitatu zoyamba ndi "ine": tsiku limene chakudya chinachedwa ndipo inu munapeza njira, tsiku limene munagwira kusiyana m'buku. Ndipo khalani pansi akakuuzani kamodzi. Wina anaima njo mpaka ndinachita kumupempha katatu.

Kopolo Wakale, Chitungwiza

Bwana Staff, ulemu wanu. Ine ndinapumira ku ZNA, usilikali wa kuno ku Zimbabwe, mbali ya magalimoto. Ziwiri zokha. Choyamba, za mfuti ndi zipolopolo musalembe nambala, ngakhale munkazisunga. Lumbiro silipuma penshoni. Ingonenani kuti munkasunga katundu wofunika chitetezo chapadera, wanzeru amva. Chachiwiri, chithunzi cha yunifolomu pa CV kapena pa WhatsApp chotsani, ndipo zovala za mawangamawanga zija musayende nazo m'tauni, kuno munthu wamba saloledwa kuvala, lamulo limaletsa. Mukhoza kuchedwa kufotokoza kuti ndi za ku Malawi.

Ine MT, dzina la kubaraki la mbali ya magalimoto, pa CV ndinaisandutsa "fleet", ndipo anayamba kundiitana. Koma chinandithandiza kwenikweni ndi kapepala ka Defensive Driving ka Traffic Safety Council pamwamba pa laisensi yanga ya malole ya Class 2. Anthu wamba amakhulupirira pepala limene akulidziwa. Makosi a kubaraki, ngakhale akhale ovuta chotani, kwa iwo ndi zilembo chabe.

aNachisale, Graniteside

A Kopolo anena zoona. Kwa inu a Sajeni mapepala odziwika ndi a CIPS kapena CILT, mabungwe ophunzitsa za kugula ndi kunyamula katundu, ngati thumba lilola, olo kakosi kakafupi ka stores. Ndipo funso limodzi ndikudziwa adzakufunsani: mabuku anu anali a pamanja kapena a pakompyuta? Masitolo ambiri kuno ali pa Pastel kapena Sage, akuluakulu pa SAP. Excel yokha muyenera kuidziwa musanapitenso kwina.

Kabwerebwere wa ku Epworth

Ndiye mwati asalembe veteran, asalembe ex-soldier, asavale yunifolomu, asanene za mfuti. Chatsala n'chiyani, ndevu?

Sajeni Wopuma, Mufakose

A Kabwerebwere, ndevu sitinkaloledwa n'komwe.

Zikomo nonse. Agogo, mwanditsegula maso, mayi wa ku Msasa uja ndinkamusungira mkwiyo pachabe. Ndatulutsa satifiketi m'sutikesi, mzere wa khalidwe ulipo ndipo mawu ake ndi abwino, zaka zonsezi sindinauwerengepo. Usiku uno takhala ndi mwana, pamwamba talemba Stores and Logistics Supervisor, ndawerenga anthu amene ndinkawadyetsa ndi amene anali pansi panga, taika manambala. A Mzukulu musadandaule, mendulo ya United Nations ndaisiya pamzere womaliza, imeneyo sindichotsa.

Za "ine" zija zikundivuta, aNachisale. Ndayesa pagalasi, pakamwa pakutuluka "tina" pokhapokha. Ndipo mwandigwira pa kompyuta: mabuku anga ambiri anali a pamanja, Excel ndimangoidziwa pang'ono. Alipo akudziwa kumene amaphunzitsa Pastel madzulo kapena Loweruka, kufupi ndi Mufakose kapena m'tauni, pamtengo woti wapenshoni ya makwacha n'kukwanitsa?

Kopolo Wakale, Chitungwiza

Mwana wa mchemwali wanga amasunga mabuku pa hardware ina ku Mbare, amaidziwa bwino. Ndimufunsa mawa ngati angakuonetseni Loweruka akaweruka. Mubwere ndi kope, laputopu ali nayo.