Kalavani yaing'ono ya anthu awiri: tiyang'ane chiyani tisanalipire?

Wofunsa: Moni nonse pagulu pano. Ine ndi mayi akunyumba timakhala ku Johannesburg ndipo tikufuna kalavani yaing'ono yogona anthu awiri basi, yakale koma yolimba. Maulendo ambiri akhala a ku Kruger, malo osungirako nyama zakutchire, koma tikufunanso kuti pa Disembala izitifikitsa kumudzi ku Malawi. Galimoto yathu imalemera 1,400 kg ikakhala yopanda katundu, ndipo buku lake likuti imakoka 1,200 kg ngati chokokedwacho chili ndi mabuleki. Laisensi yanga ndi ya B. Odziwa, tithandizeni.

Yankho loyamba: Achimwene, yambani ndi laisensiyo. Ku South Africa, B imakulolani kukoka chinthu chomwe GVM yake, kulemera konse pamodzi ndi katundu, siipitirira 750 kg. Makalavani ambiri a Sprite, Gypsey ndi Jurgens, ngakhale aang'ono, amapitirira pamenepo, choncho mufunika laisensi ya EB. Musachite nazo chibwana, chifukwa ngozi ikachitika a inshuwalansi akhoza kukana kulipira.

Mukafika kwa wogulitsa, werengani kachitsulo kolembedwa manambala komwe kamakhala kutsogolo pa A-frame, zitsulo zooneka ngati chilembo A zomwe zimakafika pokolekera. Pali Tare, kulemera kwake ikakhala yopanda katundu, ndi GVM. Lamulo limati GVM ya kalavani ya mabuleki a overrun, omwe amagwira okha galimoto ikachepetsa liwiro, isapose Tare ya galimoto yokoka, koma kwa inu 1,200 kg ya m'buku ndiyo ikulamula poti ndi yocheperapo. Funani ya GVM ya pakati pa 1,000 ndi 1,200 kg. Kenako chotsani Tare pa GVM, chotsalacho ndiwo katundu amene mungalongedze. Chimatha msanga: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, botolo la gasi la 9 kg likadzaza limafika cha m'ma 20 kg, batire ya 105Ah cha m'ma 25 mpaka 30 kg, ndiye muwonjezere tenti ndi mapolo ake. Ngati chotsalacho sichikufika 200 kg, isiyeni.

Yankho lachiwiri: Zoona zimenezo bambo. Koma chomwe chimapha makalavani akale ndi madzi. Kunja ndi aluminiyamu wowala bwino, koma mkati mwa khoma muli matabwa. Zomatira za m'mazenera, m'makona ndi pa kanjira kolowetsamo tenti zikauma n'kung'aluka, mvula imalowa pang'onopang'ono ndipo matabwa amawola osaoneka. Kukonza kwake n'kuphwasula khoma lonse, ndipo nthawi zina mtengo wake umaposa wa kalavaniyo.

Pitani masana, muuze mwini wake asaitsegule inu musanafike. Fungo la chuku mukangotsegula chitseko ndi chizindikiro choyamba. Mukamva mafuta onunkhiritsa ambiri, kayikirani. Dinikizani khoma ndi chala m'munsi mwa zenera lililonse, m'makona onse anayi, mkati mwa makabati a m'mwamba ndi pansi pa bedi. Pofewa paliponse ndi powola. Yendani pansi ponse, makamaka pakhomo, mumve ngati pakubonyoka. Gwirani zogwirira za kunja zokankhira kalavani n'kuzigwedeza: zikamasuntha, thabwa lomwe zamangidwapo latha. Kachipangizo koyezera chinyezi sikadula. Kakawerenga pansi pa 15% pali bwino, kakapitirira 20% pali vuto. Wogulitsa akakana kuti muyeze, tsanzikani.

Ngati denga ndi lotukula, lija la pop-top, likwezeni n'kulitsitsa kangapo, muone nsalu yake ngati ilibe madontho akuda. Kwa anthu awiri denga lotere ndimalikonda, chifukwa kalavani imakhala yaifupi, siilimbana kwambiri ndi mphepo ndipo imalowa pansi pa shedi. Mugonenso pabedipo nonse awiri musanagule. Bedi losanduka tebulo limasunga malo, koma kuyala ndi kuyalula tsiku lililonse kumatopetsa.

Yankho lachitatu: Poti mwatchula za kumudzi, bwanji osaganizira za off-road, zopangidwira misewu yoipa, ngati Bush Lapa, Conqueror kapena Echo? Thupi la zambiri mwa izo ndi lachitsulo kapena aluminiyamu, za matabwa owola simudandaula nazo kwenikweni.

Yankho lachinayi: Ndi zolimba ndithu, koma ndikutsutsako pang'ono. Zambiri mwa izo n'zolemera kuposa zomwe galimoto ya achimwenewa ingakoke, n'zodula, ndipo khitchini yake imakhala panja. Njira ya Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi ya phula. Vuto lake ndi maenje, ndiye chofunika ndi zapansi zabwino ndi liwiro lochepa. Ya off-road ingafunike pokhapokha ngati msewu wolowera kumudzi uli woipa zedi nthawi ya dzinja.

Zapansizo yang'anani motere. Pa tayala pali manambala anayi a DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Lopitirira zaka zisanu lisintheni ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano, poti tayala la kalavani limatha ndi kukhala padzuwa. Ikwezeni pa jeke, muzungulitse gudumu n'kuligwedeza: likamalira kapena kugwedera, ma bearing atha. Amafuna girizi watsopano chaka chilichonse kapena pa 10,000 km, ndipo pa ulendo wa ku Malawi tengani ena apadera. Kankhani mutu wokolekera ku galimoto: uzilowa molimba n'kubwerera pang'onopang'ono. Ukalowa mosavuta, damper, kachipangizo kochepetsa kugunda, yafa, ndipo kalavani izidzagunda galimoto mukaponda buleki. Imani kumbuyo muone ngati yapendekera mbali imodzi, chizindikiro choti mphira wa mu axle watopa.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga kugwedezeka kuja kwa kalavani pamsewu kumayamba bwanji? Ndipo m'zipata zolowera m'mayiko amafuna chiyani?

Yankho loyamba: Kumayamba kumbuyo kukalemera kuposa kutsogolo. Pa mpira wokokera payenera kutsamira 7 mpaka 10% ya kulemera kwa kalavani, ndipo lamulo la kuno limati pakhale pakati pa 25 ndi 100 kg. Yezani ndi sikelo ya kubafa, mutaimika kathabwa pansi pa mutu wokolekera, kalavani ili pamalo osalala. Zolemera ziikeni pansi, pamwamba pa axle. Ikayamba kugwedezeka chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero mowongoka, musaponde buleki mwadzidzidzi.

Yankho lachinayi: Za mapepala: nambala ya chassis igwirizane ndi ya pa satifiketi ya NaTIS, ya kaundula wa magalimoto ku South Africa, ndipo muisinthire m'dzina lanu pasanathe masiku 21. Kalavani imawerengedwa payokha m'zipata, choncho nayo ilembedwe pa TIP, chilolezo cholowetsa galimoto m'dziko kwa kanthawi, ndi pa inshuwalansi. Ngati muli ndi ngongole ya kubanki, tengani kalata yawo yololeza kutuluka nayo. Ku Zimbabwe amafuna chilembo T choyera kutsogolo kwa kalavani ndi chofiira kumbuyo. Ku Mozambique amafuna chikwangwani cha buluu chokhala ndi chizindikiro chachikasu cha makona atatu, kutsogolo kwa galimoto ndi kumbuyo kwa kalavani. Ku Kruger musaiwale pulagi ya buluu ya kalavani, chifukwa ndiyo imalowa m'mabokosi a magetsi a m'makampu.